Viva ndadutsa, zikomo kwambiri

Abale anga, zatheka. Dzulo ndadutsa viva, mayeso apakamwa oteteza kafukufuku wanga, PhD yatha. Ambuye alemekezeke. Nonse mukudziwa mmene zinalili chaka chatha ndalama za sukulu zitaduka, amayi ali gone kuchipatala, ine ndili kutali kuno. Sindibwereza, misozi ikadali pafupi.

Amene ndikufuna kuwathokoza koyamba ndi bambo a ku workshop ya dipatimenti yathu. Dzina lawo silili pachikuto cha thesis, koma manja awo ali patsamba lililonse.

Kuti mumvetse zimene anachita, ndifotokoze pang'ono. Kutentha kumachoka potentha kupita pozizira, lamulo lake wasayansi wa ku France, Fourier, analemba kale mu 1822. Ntchito yathu ndi kukupatsa njira yoti kudzere. Mu 2013 gulu la a Martin Wegener ku Karlsruhe, ku Germany, linaonetsa kuti mbale ya kopa yogobedwa mizere yozungulira, mipata yake itadzazidwa ndi labala wotchedwa PDMS, imachititsa kutentha kulambalala pakati ngati madzi akulambalala mwala mumtsinje, n'kukakumananso kutsogolo. Kopa amadutsitsa kutentha kuposa PDMS maulendo opitirira 2,000, chinsinsi chonse chagona pamenepo. Ine ndinkafufuza mmene nzeru imeneyi ingatetezere tizipangizo ta mu kompyuta tosafuna moto tikakhala pafupi ndi tinzake totentha.

Pakompyuta zonse zinkaoneka bwino. Koma mbale zenizeni zinkapindika zikachoka pamakina, ndipo PDMS ankauma ndi timathovu ta mpweya mkati, kutentha n'kumadzera kwina. Bambowa ankatsalira ena onse ataweruka, magalasi ali pamphuno, akupukuta bowo lililonse ndi kaburashi. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuchotsa mpweya mu PDMS ndi makina a vacuum ndisanathire. Ndi iwonso amene anayang'ana chithunzi cha kamera ya infrared, yojambula kutentha, n'kunena kuti kopa wonyezimira amanamiza kamera, chifukwa amabweza kutentha kwa zinthu zozungulira, ngakhale kwa thupi la munthu amene waima pafupi. Anapaka utoto wakuda wopyapyala pamwamba, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinaona koyamba mizere ya kutentha ikukhota mmene ndinawerengera. Ndinalira pamaso pawo. Iwo anangonditengera mpando n'kukatenga tiyi.

Ndithokozenso aprofesa anga amene anandimenyera nkhondo kuti ndisachotsedwe m'kaundula, achemwali amene anagona pansi kuchipatala m'malo mwanga, ndi mpingo wathu kuno umene unandilipirira lendi osandifunsa tsiku lobweza. Mulungu akubwezereni pomwe munatapa.

Enanu amene munasiya kuyankha foni mutamva kuti ndalama zatha, mauthenga anu a lero ndawaona. Ndilibe mangawa, koma ndikudziwa amene anaima nane.

Ndibwerere kwa bambo aja. Nthawi imene amayi anafooka kwambiri ndinasowa ku labu kwa kanthawi ndithu. Pobwera ndinapeza mbale zatsopano zitagobedwa kale, zitakulungidwa m'nsalu, dzina langa litalembedwa pa tepi. Palibe anawatuma, ndipo mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyi. Bambo, chaka chino mukupuma pantchito. Ambuye akupatseni thanzi, maso ndi manja anuwo asafooke.

Amayi akupeza bwino, ayamba kuyenda okha. Mafoni ndiyamba kuyankha mawa, lero mundilole ndigone.