Mmene tinakonzera ulendo wokagona m'mbali mwa nyanja ku Nafplio

Pamene ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana kuti tikapume masiku ochepa ku Greece mu Sepitembala 2025, ndinkaganiza kuti chovuta chikhala ndalama basi, koma ndinadzaona kuti ntchito yeniyeni inali kudziwa choyamba kuchita ndi chobwera pambuyo pake. Tonse awiri timakhala ku Manchester koma timayendera pasipoti ya Malawi, choncho sitikanangonyamula zikwama n'kukwera ndege monga amachitira anzathu a kuntchito. Tinalinso titamanga mfundo imodzi, yakuti sitikufuna hotela yaikulu, koma nyumba yaing'ono yogona alendo, ya zipinda zowerengeka, imene mwini wake amakulandira yekha pakhomo.

Kusankha tawuni sikunatitengere nthawi. Zilumba za ku Greece n'zotchuka, koma zambiri zimafuna kuti ukatsika ndege ukwerenso sitima yapamadzi, ndipo mayi akunyumba sagwirizana ndi mafunde. Tinasankha Nafplio, tawuni ya m'chigawo cha Peloponnese imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Athens, ndipo munthu amafikako pa basi m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Tawuniyi inali likulu la Greece dzikolo litangodzimasula ku ulamuliro wa Ottoman wa anthu a ku Turkey, likululo lisanasamukire ku Athens mu 1834, ndipo mpaka lero nyumba zake zakale, tinjira take topapatiza ndi malinga ake zidakalipo.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa mawu akuti "pafupi ndi nyanja". Kwa ine, amene ndinakulira kupita ku Senga Bay, mawuwa amatanthauza kuti ukatuluka pakhomo uponda mchenga, ndipo ukayenda pang'ono madzi akufika m'maondo. Ku Nafplio sizili choncho. Tawuni yakale inayang'ana kudoko, kumene kuli msewu wa m'mbali mwa madzi, malo odyera ndi mabwato opita ku Bourtzi, kalinga kamene kanamangidwa pakachilumba pakati pa madzi, koma kudokoko anthu sasambirako. Gombe loyandikira kwambiri, lotchedwa Arvanitia, lili kuseri kwa chitunda cha Akronafplia, ndipo ndi la timiyala tosalala. Mchenga weniweni uli ku Karathona, kumene munthu amafika akayenda makilomita pafupifupi atatu pa njira yodutsa m'munsi mwa phiri, kapenanso ku Tolo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene amapitako pa basi. Zonsezi zikutanthauza kuti nyumba ikhoza kunena zoona kuti ili pafupi ndi nyanja, koma alendo ake n'kumayendabe ulendo kuti akanyowetse mapazi.

Nyumba yoyamba imene ndinasungitsako malo pa intaneti ndinaikonda chifukwa cha chithunzi cha pakhonde, pamene munthu amaona madenga ofiira a tawuni yonse ndi nyanja kutsogolo kwake. Ndinasungitsa usiku womwewo, ndipo m'mawa ndinawaonetsa mayi akunyumba monyadira. Iwo sanayang'ane nyanjayo ayi, koma anakulitsa chithunzi china chimene chinkaonetsa chitseko cha kunja, n'kuloza pakona pake pamene pankaoneka masitepe amiyala otsika mpaka kumene chithunzicho chinathera. "Abambo, kodi mwafunsa kuti masitepe amenewa ndi angati? Paja safunsa anadya phula," anatero. Bondo lawo lakumanzere limawavuta akakwera malo otsetsereka, ndipo ine ndinali nditaiwaliratu zimenezi chifukwa chotengeka ndi chithunzi. Nditalemba uthenga wofunsa, yankho linabwera lakuti masitepewo amapitirira 60, ndipo galimoto siifika pakhomo. Apa m'pamene ndinamvetsa kamangidwe ka tawuniyi: nyumba zimene zimaona nyanja bwino ndi zimene zinakwera m'mbali mwa chitunda, ndipo kukongola kwa pakhonde umakulipira ndi miyendo, utanyamulanso sutikesi. Mwayi wake unali wakuti ndinali nditasankha mtengo wolola kusintha maganizo popanda kulipira kanthu, choncho ndinafafaniza malowo tsiku lomwelo.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi mapu, zithunzi zinabwera pambuyo. Ndinayang'ana nyumba za m'tinjira ta kumunsi, pakati pa bwalo la Syntagma ndi doko, kumene nthaka ndi yathyathyathya, ndipo nditapeza zitatu ndinalembera eni ake onse ndisanasungitse. Ndinalemba m'Chingerezi chosavuta, funso lililonse pa mzere wakewake. Ndinafunsa ngati chipindacho chili pansi kapena pamwamba, ndi kuchuluka kwa masitepe kuchokera mumsewu kufika pabedi, popeza nyumba zakale zoterezi kawirikawiri sizikhala ndi chikepe. Ndinafunsa ngati zenera linayang'ana kumsewu wa malo odyera, chifukwa anthu a kumeneko amadya chakudya chamadzulo mochedwa ndipo macheza awo amafika pakati pa usiku. Ndinafunsanso za makina oziziritsa m'chipinda, za chakudya cham'mawa, za malo amene takisi imatsitsira anthu, ndi za nthawi imene pamakhala munthu wopereka makiyi. Mmodzi sanayankhe n'komwe, wina anangotumiza mitengo, koma mayi wina wachikulire anayankha patatha masiku awiri, funso ndi funso, mpaka kutiuza kuti chipinda chapansi chili ndi masitepe atatu okha, ndiponso kuti pa zenera lake nyanja siioneka, koma ili pa mtunda wa mphindi ziwiri. Kunena zoona kwakeko ndi kumene kunatikopa.

Masiku tinawasankha mosamala. Ogasiti tinamupewa chifukwa ndi mwezi wotentha kwambiri komanso umene anthu a ku Greece eni ake amapita kutchuthi, makamaka cha pa 15 Ogasiti pamene tchalitchi cha Orthodox chimakumbukira kumwalira kwa Maria, amayi a Yesu. Mu Sepitembala madzi amakhala akadali ofunda koma khamu limakhala litachepa. Ndinaonanso kuti mitengo ya Lachisanu ndi Loweruka inali yokwera, chifukwa Nafplio ndi malo amene anthu a ku Athens amakonda kuthawirako kumapeto kwa sabata, ndiye tinakonza zofika Lamulungu ndi kunyamuka Lachisanu.

Tsopano nkhani ya viza, imene inandidyera nthawi kuposa zina zonse. Greece ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya amene munthu amalowamo ndi viza imodzi, ndipo munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Pempho limaperekedwa m'dziko limene munthu akukhala movomerezeka, ndipo malamulo amalola kulipereka kutatsala miyezi 6 kuti ulendo uchitike, koma osachedwa kuposa masiku 15 ulendo usanafike. Pasipoti iyenera kukhala yoperekedwa m'zaka 10 zapitazo, yokhala ndi masamba awiri osalembedwa, komanso yoti idzakhalabe ikugwira ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'mayikowo. Pamafunikanso inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa ntchito, mapepala a kubanki, ndondomeko ya ndege yopita ndi yobwerera, ndi umboni wa malo ogona a usiku uliwonse. Mtengo wa viza ya munthu wamkulu unakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024, ndipo ofesi yolandira mafomu imawonjezerapo ndalama yakeyake. Chimene chimachedwetsa anthu ambiri si mapepalawa, koma kupeza tsiku lokaonekera kuti akajambule zala, chifukwa nyengo yotentha ikayandikira masiku amatha msanga. Ife tinalipeza tsikulo kumayambiriro kwa Julayi titayamba kulisaka mu Meyi.

Pokonza mapepala ndi pamene ndinaona ubwino wokhala ndi munthu weniweni woyankha mauthenga. Chikalata chotsimikizira malo chimene chinachokera pa intaneti chinali ndi dzina langa lokha, ndi mawu akuti alendo awiri, pamene pempho la mayi akunyumba linkafunika umboni wakuti iwonso ali ndi pogona. Ndinalembera mayi aja, eni nyumba yogona alendoyo, kuwapempha kalata yokhala ndi mayina athu onse monga alembedwera m'mapasipoti, masiku ofika ndi onyamuka, ndi adiresi ya nyumbayo. Anatumiza kalata yosainidwa ndi yodindidwa, koma anali atasinthanitsa zilembo ziwiri m'dzina la mayi akunyumba, zimene sizodabwitsa kwa munthu amene zilembo za chinenero chake ndi zina. Ndinachita manyazi kuwavutitsanso, komabe ndinawalembera, ndipo anakonza tsiku lomwelo popanda kudandaula. Ndikanalekerera, kalatayo ikanakhala ya munthu wina amene kulibe.

Pa ndalama ndinatsatira lamulo limodzi: sindinalipire chilichonse chosabwezedwa viza isanatuluke. Malo ogona anali oti ndikhoza kuwafafaniza kwaulere mpaka kutatsala sabata imodzi, ndipo mapasipoti atabwera patatha milungu iwiri ndi theka, m'pamene ndinamaliza zonse za ndege. Ndinayang'anitsitsa masiku olembedwa pa viza, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ofanana ndendende ndi a ulendo umene munthu anapempha, moti kuwonjezera usiku umodzi kumakhala kuphwanya lamulo. Pali ndalama inanso imene sinali mu mtengo wa pa intaneti, ndiyo msonkho umene boma la Greece linakhazikitsa mu 2024 pofuna kuthana ndi mavuto obwera chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Umawerengedwa pa chipinda usiku uliwonse, umakula malinga ndi mtundu wa malo ogona, ndipo umalipiridwa pamalopo. Pa nyumba yathu yaing'onoyo unali mayuro awiri pa usiku, ndipo anatipatsa lisiti lakelake.

Chomaliza kukonza chinali tsiku lofika. Nyumba yaing'ono siikhala ndi munthu wodikira alendo usiku wonse, ndiye ndinawerenga nthawi chobwerera m'mbuyo kuchokera pa ola limene mayi aja ananena kuti amapita kwawo. Ndege yochokera ku Manchester imatenga maola pafupifupi anayi, ndipo wotchi ya ku Greece ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Britain. Kuchokera pa bwalo la ndege la Athens pali basi ya X93 yopita ku Kifissos, depoti ya mabasi a KTEL opita ku Peloponnese, ndipo ulendowo umadya ola limodzi kapena kuposerapo msewu ukadzaza. Titaphatikiza zonsezi tinaona kuti ndege yamadzulo, ngakhale inali yotsika mtengo, ikanatigoneka ku Athens, choncho tinatenga ya m'mamawa. Basi ya ku Nafplio imawoloka ngalande ya Corinth, imene inatsegulidwa mu 1893, ndipo mayi akunyumba atamva kuti kumeneku ndi ku Korinto kwa m'makalata a Paulo, anakanirira pazenera, ngakhale kuti ngalandeyo imangoonekera kamphindi basi ili pamlatho.

Titatsala pang'ono kufika ndinatumiza uthenga, ndipo mayi aja anatichingamira pakona pamene magalimoto amathera. Anatenga kachikwama ka m'manja ka mayi akunyumba, n'kumayenda patsogolo pathu m'kanjira kokutidwa ndi maluwa ofiirira, matayala a sutikesi yanga akulira pa miyala. M'chipinda anatifotokozera malamulo a nyumba asanatipatse makiyi. Anakweza chivindikiro cha kabini ka m'bafa n'kutiuza kuti mapepala a kuchimbudzi amatayidwa mmenemo, osati m'madzi, chifukwa mapaipi a nyumba zakale ndi opapatiza ndipo satenga nthawi kutsekeka. Anatilozera padenga n'kunena kuti madzi amatenthedwa ndi dzuwa, ndiye osamba madzulo amapeza otentha kuposa wolawirira m'mawa, ndipo anatisonyeza batani loyatsa magetsi ngati kunja kwachita mitambo. Anatichenjezanso kuti masana, kuyambira 3 koloko mpaka hafu pasiti 5, ndi nthawi yoti anthu apume, ndipo phokoso pa nthawi imeneyi ndi mlandu. Ine ndinali nditaloweza mawu awiri okha a chinenero chawo, "kalimera" wa moni wa m'mawa ndi "efcharisto" wothokoza, ndipo nditatchula wachiwiriyo anaseka n'kundikonza katchulidwe kawiri konse.

M'mawa wake, titamwa khofi ndi yogati wothira uchi, tinayenda kukwera pang'ono kupita ku Arvanitia. Kumanzere kwathu kunali masitepe okwera ku Palamidi, linga limene anthu a ku Venice anamanga pakati pa 1711 ndi 1714, amene eni tawuni amati alipo 999. Mayi akunyumba anangowayang'ana n'kunena kuti kumeneko tidzapita pa takisi, popeza kuseri kuli msewu wa galimoto. Pagombe ndinavula nsapato monga ndinazolowera kwathu, koma nditaponda timiyala totentha tija katatu ndinabwerera kudzakhala pansi, ndipo tisanalowe m'madzi tsiku limenelo tinayamba tatsikiranso m'tawuni kukagula nsapato zapulasitiki zosambira nazo, mapeyala awiri.