Galimoto ya 1924 inandithamangitsa pa kapinga nditavala suti

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi tisanapite patali, ine galimoto ndimayendetsa. Pasapezeke wina wonena kuti mwina layisensi ndinachita kugula ayi. Ndisanabwere kuno ku Joni ndinali pa minibasi ya Limbe-Blantyre, minibasi yake yoti buleki umayamba kupopa uli pa Chichiri kuti mwina ukaime pa Ginnery Corner, koma sindinakandepo olo bampala ya munthu. Nde zomwe ndikuuzenizi musazitenge ngati za munthu wosadziwa chiwongolero.

Ndimagwira ntchito pa kafamu kena kunja kwa Gqeberha, kuja tinazolowera kuti Port Elizabeth. Anandilemba za m'munda koma madala eni malowo, mzungu wokalamba amene mkazi wake anatisiya kalekale, atangoona kuti sipanala ndimaigwira bwino anandikokera ku galaja komwe kuli chuma chawo chenicheni, Ford Model T ya 1924. Anaipeza pa famu ina ku Karoo nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Iwowo amaitchula kuti gogo ndipo m'mawa amayamba aipatsa moni kaye asanandipatse ine.

Akayamba kufotokoza mbiri yake tiyi amazizira. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku Detroit mu 1908 mpaka 1927, magalimoto oposa 15 miliyoni, ndipo obwera kunowa ankachokera ku Canada ali m'mabokosi zidutswazidutswa nkumadzalumikizidwa konkuno ku Port Elizabeth kuyambira 1924, nchifukwa chake chiwongolero chili kumanja monga kwathu. Injini ya masilinda 4, malita 2.9, koma mphamvu yake 20 horsepower basi, ikathamangitsitsa ndi cha m'ma 70 km pa ola ndipo pamenepo mano akuombana.

Ntchito yanga inali kupala dzimbiri ndi kukwecha masipoko. Eya, masipoko, ndipo ndi amtengo, 12 pa tayala lililonse, uliwonse uukweche ndi sandipepa mpaka madala apititsepo chala atatseka maso nkunena kuti bwerezanso, kenako vanishi. Zala zanga zinafika poti foni inasiya kundizindikira. Koma ndisaname, chigalimotochi ndinayamba kuchikonda chifukwa chilichonse chili poyera. Thanki ya petulo ili pansi pa mpando wakutsogolo, pothira mafuta umayamba wadzutsa wokwera nkuchotsa khushoni, ndipo geji kulibe, umapisamo kathabwa nkuona pomwe panyowa. Pampu ya petulo kulibenso, mafuta amangotsika okha kupita ku injini, nde pachitunda chachikulu thanki ili pafupi kuuma anthu akale ankatembenuka nkukwera cha rivesi. Oyilo umayeza utagona pansi, pali timipopi tiwiri, ukatsegula kam'mwamba nkudontha ndiye kuti wakwana, kam'munsi kakapanda kudontha usailize nkomwe.

Tsiku lomwe gogo analira koyamba madala anagwetsa misozi, kenako anandikhazika pampando kuti andiphunzitse. Ine kuona pansi mapedulo atatu ndinangoti aaa izi ndiye zathu zomwe. Iwo ankalongosola kuti tamvera bwino draiva wa ku Malawi, wakumanzereyu ukamuponda mpaka pansi ndi giya yoyamba, pakatikati ndi fili, ukamusiya yense ndodo ya pambaliyi ili kutsogolo ndi giya yachiwiri ndipo magiya ndi omwewo awiri. Wapakatiyu ndi rivesi. Wakumanjayu ndi buleki. Moto suponda ndi phazi, uli pa kachitsulo aka pansi pa chiwongolero, kachitsulo kenaka ndi kosinthira nthawi ya moto wa mapulagi. Ine ndinkangoti yes boss, yes boss, mutu ukugwedera bwinobwino koma mumtima ndikuti madalawa akufuna aphunzitse ndani, munthu ndatsika Chichiri wopanda buleki. Paja phunziro lenileni linali loti lidzachitike sabata yotsatira pa msewu wafumbi, iwo ali pambali panga.

Chinasokoneza zonse ndi mlamu wanga. Anagula Sienta. Zabwino ndithu, tinamuyamikira, koma munthu uja pa gulu la banja la WhatsApp anatisowetsa mtendere, Sienta ikutsukidwa, Sienta ili pa tchalitchi, Sienta yanyamula matumba a chimanga, kenako tsiku lina analemba kuti ena ali ku Joni chaka ndi chaka koma olo wilibala sitinaione. Sanatchule dzina koma wa ku Joni pa gulupo ndilipo ndekha. Apongozi anaikapo kachala kovomereza kaja. Mwina sadziwa tanthauzo lake, koma anaikapo.

Lamulungu lotsatira madala anapita kukadya nkhomaliro kwa mwana wawo m'tauni. Ndinatulutsa suti yanga ya ukwati, taye, nsapato zosongoka, ndikuitana mnzanga wa ku Zimbabwe wogwira pa famu yoyandikana nayo, ndinamupatsa foni yanga ndikumuuza kuti ujambule kuyambira poliza mpaka ndizungulire bwalo kamodzi, ukamaliza utumize pa gulu lili pamwambalo. Mawu amenewa muwasunge. Iye anangoti zilibwino achimwene, paja kwawo aliyense wa ku Malawi ndi achimwene.

Tinaikankha mpaka pa kapinga kutsogolo kwa nyumba pomwe pamaoneka bwino maluwa. Sitata yake inali isanabwere kokonzedwa nde inali yoliza ndi hendulo kutsogolo, ndipo apa pokha ndinali nditamvetsera chifukwa madala anandionetsa mkono wawo womwe unathyokapo. Moto wa mapulagi uubweze kaye m'mbuyo, chala chachikulu chisazungulire hendulo, ndipo uzikoka chokweza osati kukankhira pansi, apo ayi injini ikabweza imakuthyola dzanja. Zonsezi ndinachita mwaukatswiri. Koma pali chipika china chake chakuda ndi oyilo chomwe madala amaika kutsogolo kwa tayala nthawi zonse asanalize, ine ndinachiyang'ana, ndinayang'ana suti, ndikuona kuti pa vidiyo chioneka zauve, mlamu anena kuti galimoto yake ndi yoimika ndi mwala. Ndinachiponyera m'maluwa. Kachitsulo ka moto kaja ndinakatsitsanso pang'ono kuti injini imveke mphamvu mpaka ku Balaka.

Chomwe chipika chija chimagwira nchakuti injini ndi giyabokosi za galimotoyi zimasambira mu oyilo mmodzi, nde kukazizira oyiloyo amalimba nkumata timbale ta kilatchi, galimoto nkumayenda yokha olo ili pa fili. Ndipo unali mwezi wa July, kuzizira kwa kuno mukukudziwa amene munafikako. Buleki wa pamanja naye tinali tisanamumalize.

Ndinatsegula switchi, makoyilo aja a m'timabokosi tamatabwa anayamba kulira kuti zzzz, ndinayang'ana kamera ndikunena kuti moni nonse kumudzi, makamaka alamu anga. Kukoka kamodzi, phuu. Kukokanso, gogo anadzuka ndi chiphokoso chokoma kwabasi, thupi lonse likunjenjemera. Ndinatembenuka kuti ndimwetulire kamera bwino, ndipo ndili mkati momwetulira ndinamva china chikundigunda kumatako mwaulemu ndithu, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yozolowera anthu ikamapempha madeya.

Poyamba ndinaigwira pa redieta ndi manja awiri kuti ndiibweze, ndikumwetulirabe kuti pa vidiyo zioneke ngati ndikuisisita. Nsapato zosongoka pa kapinga wa mame sizigwira abale. Ndinayamba kutsetsereka chobwerera, galimoto ikubwera, ine ndikubwerera, mpaka ndinaona kuti kumbuyo kwanga kuli khoma la nyumba ndipo gogo alibe maganizo oima. Ndinalumphira kumbali, taye inakola pa nyali, ndinaimasula, ndikuthamanga nkudumphira pa chitsulo chopondapo pokwera chija mpaka pampando. Apa mtima unakhala pansi chifukwa tsopano ndinali pa ofesi yanga.

Draiva aliyense galimoto ikamapita poipa phazi lamanzere limapita lokha pa kilatchi, sufunsa mutu. Ndinaponda mpaka pansi. Gogo analowa giya yoyamba nkudumphira kutsogolo molunjika pa windo la chipinda cha madala. Ndinakhotetsa, maluwa onse a malemu mayi aja anapita pansi pa matayala, phazi lamanja linathamangira pakati pa buleki, ndikuponda ndi mphamvu zonse za ku Ndirande. Galimoto inaima ndithu, ndinati Ambuye zikomo, kenako inayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinati mwina ndapondetsa, ndisiye ndiponde kilatchi. Kutsogolo. Buleki. Kumbuyo. Kilatchi. Kutsogolo. Tinakhala tikupita ndi kubwerera pa kapinga paja, chipewa cha madala chomwe ndinabwereka chinagwa ndipo tinachiponda popita nkudzachipondanso pobwerera, galu akuuwa akutithamangira uku ndi uku mpaka anatopa nkukhala pansi kumangotiyang'ana.

Pedulo wakumanja uja, amene anali buleki weniweni, ndinkamuzemba ndi moyo wanga wonse. Phazi likayandikira ndinkalibweza ndekha kuti iwe usayerekeze, ukaponda moto pano tifera m'nyumba ya mzungu. Kuzimitsa switchi sikunandifikire m'mutu olo pang'ono, ndipo musandifunse chifukwa, inu simunalipo. Mnzanga uja ndinkamukuwira kuti tandithandiza aise, iye akuti achimwene ndikasiya kamera vidiyo iwonongeka, akuseka mpaka kugwada pansi koma dzanja la foni lili chilili osagwedera. Mnyamata uja ali ndi luso, pokhapo ndimuyamikire.

Mapeto ake ndinaganiza kuti buleki wa galimoto zakale amafuna kumuumirira osamusiya, monga ankachitira wa minibasi ija. Ndinaponda wapakati ndi mapazi onse awiri ndikutseka maso. Tinanyamuka cha rivesi mosakayika konse, tinadutsa pa chingwe choyanikapo zovala nkutenga mashiti awiri ndi kabudula wa madala, tinatsika kamtunda, abakha anabalalika, kenako phwaa. Matayala akumbuyo anamira m'matope a damu la abakha, injini inatsokomola nkuzima. Ndinatsika mwaulemu ngati munthu wafika pomwe amapita, osadziwa kuti mbali imeneyo madzi ndi ofika m'chiuno.

Ndikutuluka m'madzi, ndere zili pa taye, mnzanga anabwera nkundipatsa foni akupukuta misozi, amvekere yapita achimwene, netiweki ili bwino lero.

Kuikoka ndi thirakitala ndinaopa kuti ndingathyole china, nde gogo anakhala m'damu mpaka madzulo. Madala atafika anaima pa kapinga nthawi yaitali akutsatira mizere ya matayala ndi maso, kupita, kubwerera, kupita, kubwerera. Anatola chipewa chawo chophwatalala. Anakafukula chipika chija m'maluwa nkubwera nacho nkundipatsa m'manja osanena kanthu. Kenako anavula nsapato nkulowa m'madzi kukagwira masipoko akumbuyo, omwe ankalira kwiii kwiii chifukwa cholekera, nkupeza kuti afufuma ndi madzi agwira nganganga. Ine ndinati mwaona bwana, ndiye kuti zathandizako. Anandiyankha kuti alimi akale ankachitadi zimenezo, kuimika galimoto mumtsinje usiku, koma mtengo ukauma umalekera kuposa poyamba, nde mawa ugule sandipepa wambiri. Matayala awiri, masipoko 24, kuyambiranso pachiyambi, kuphatikizapo kukhetsa oyilo wa mu difu yemwe anasanduka phala ndi madzi, ndi kudzalanso maluwa a malemu.

Sanandichotse ntchito. Chomwe anapempha ndi vidiyo. Anaionera atavala magalasi, akuimitsaimitsa, ndipo pofika pomwe ndikulowera ku damu anakweza mawu nkundikodola kuti tamvera apa, wamva? Rivesi sikukukuta olo pang'ono, lamba uja tinamumanga bwino. Anaitumiza kwa anzawo onse a kalabu ya magalimoto akale, moti pano azigogo achizungu akabwera kudzacheza amayamba afunsa kuti ali kuti draiva uja, nkundigwira chanza ndi manja awiri.

Kumudzi ndiye kunali maliro a chiseko. Mayi a kunyumba sanafunse ngati ndavulala, anafunsa kuti suti ya ukwati wathu ndi yosambira nayo ndi abakha? Mlamu analemba kuti alamu mukabwera pa Khirisimasi ndidzakuphunzitsani pa Sienta, ndi ya otomatiki, mapedulo ndi awiri okha simudzasokonezeka. Apongozi anatumiza voisi yaitali yodekha bwino, akuti bambo, ife taona, galimoto siithamangitsa mwini wake popanda chifukwa, ngati simunamalize kulipira kabwezeni kwa eni ake, ndipo dzina lanu talipereka kale ku mapemphero a amayi a Lachinayi.

Ndinatuluka pa gulupo usiku womwewo. M'mawa ndinapeza andibwezeramo, ndipo chithunzi cha gulu asintha, achotsa cha agogo a banja aika ine ndili m'madzi ofika m'chiuno, kabudula wa madala ali paphewa, bakha akundiyang'ana.