Dothi lokha ndi limene likuuza pampu nthawi yothirira

Abale, lero mtima wanga uli mbee. Patha milungu itatu dimba langa likuthiriridwa ine osagwira kheni. Ndinakwirira kachipangizo koyeza chinyezi, kaja amati sensa, pafupi ndi mizu ya mbewu, n'kukalumikiza ku kabodi ka Arduino, komwe ndi kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo. Dothi likauma kufika pamlingo womwe ndinaika, kabodiko kamayatsa pampu kudzera pa relay, yomwe ndi swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochokera kukabodiko. Chinyezi chikakwana, kamaizimitsa.

Sensa yoyamba inandigwiritsa mwala. Inali ya timiyendo tiwiri tachitsulo todutsitsa magetsi m'dothi, ndipo posakhalitsa timiyendoto tinadyeka ndi dzimbiri, manambala n'kuyamba kunama. Pano ndikugwiritsa ntchito ya mtundu wa capacitive, yomwe chitsulo chake n'chokutidwa, sichikhudzana ndi dothi.

Pomwe ambiri amapupuluma ndi apa: sensa siidziwa dothi lanu. Muiyese kaye m'dothi louma gwa, mulembe nambala, kenako m'dothi lonyowa bwino, mulembenso. Mchenga umataya madzi msanga pomwe makande amawasunga, choncho manambala a mnzanu sangakuthandizeni. Muikenso malire awiri otalikirana ndithu, oyatsira ndi ozimitsira, apo ayi pampu izingoyaka n'kuzima mpaka kupsa. Komanso sensayo musaikwirire penipeni pomwe madzi amadonthera, ingafulumire kunena kuti kwanyowa mbewu zina zili ndi ludzu.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa ulimi umatenga pafupifupi 70 peresenti ya madzi omwe anthu amatunga m'mitsinje, m'nyanja ndi pansi pa nthaka padziko lonse. Kale ndinkangothirira mwachizolowezi, madzi n'kumachuluka mpaka mizu ina kuola. Pano masamba ali biriwiri.