Mfuti za Lamulungu m'munda wa nandolo kuseri kwa Michiru

Azakhali anga amalima kuseri kwa phiri la Michiru, mbali yoyang'ana ku Chileka, ndipo munda wawo unachita malire ndi tchire limene anthu a m'mudzimo amadyetsako mbuzi, kumwetako udzu wofolera nyumba ndiponso kutolako nkhuni. Ine ndimakhala ku Chilomoni, choncho Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndimakonda kukwera kabaza kupita kukawaona. Tsiku lina m'mwezi wa Julayi ndinawapeza ali kumunda ndi mdzukulu wawo wa zaka 7 akuthyola nandolo wamuwisi woti aphike madzulo, ndipo nanenso ndinalowa m'mizere kuti ndiwathandize. Amene analimapo nandolo wa makolo akudziwa kuti m'mwezi umenewu amakhala atatalika kupitirira munthu wamkulu, moti munthu akawerama pakati pake saoneka ngakhale kwa mnzake amene ali pafupi.

Tili chithyolere tinamva mfuti ikulira chakumtunda, ndipo nthawi yomweyo masamba a pamwamba pathu anasokosera ngati kukugwa matalala. Njiwa zinabalalika mbali zonse. Kenaka beseni lachitsulo limene mwana uja anasiya pa mzere, pafupi kwambiri ndi pamene anaima, linalira kuti ngwe. Nditalitola ndinaona kuti latifuka pang'ono m'mbali, ndipo mu nandolo amene tinathyola uja munali kachipolopolo ka mtovu kophwatalala, kochepa kuposa njere ya nandoloyo. Mwanayo sanalire, koma anagwira chitenje cha agogo ake ndipo sanachisiye mpaka tinafika kunyumba.

Titakuwa, m'tchire muja munatuluka amuna atatu ovala bwino, awiri atanyamula mfuti za mpweya ndipo wachitatu, amene anali wachikulire, atanyamula chifefe. Galimoto yawo anali ataimika pansi pa mtengo wa mango kumsewu. Wachikulireyo anavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani kwambiri mayi, sitinakuoneni. Ife timayesa kuti kuno munakolola kale." Azakhali anayankha mosakweza mawu kuti, "Bambo, chimene tinakolola ndi chimanga. Nanga uyu mukumuona ngati tchireyu si nandolo kodi? Mukanalasa mwana wa eniyu m'diso, ine ndikanakanena chiyani kwa amake?" Apa m'modzi mwa achinyamata aja analowerera n'kunena kuti, "Komatu mayi ife tinaima kwa boma, ndipo mapepala a mfutizi tili nawo."

Mawu akuti "kwa boma" amenewa ndi amene andichititsa kulemba, chifukwa ndawamva kambirimbiri pakamwa pa anthu osiyanasiyana, ndipo aliyense amawatanthauzira momukomera. Wowotcha makala amati phiri ndi la boma, wofukula miyala amatero, wolima mphanje amatero, ndipo tsopano wowombera mbalame posangalala akuteronso. Onsewa akamati malo ndi a boma amatanthauza kuti palibe woti n'kumuodira. Komatu lamulo la malo la chaka cha 2016 silinena choncho. Linagawa malo a m'dziko muno pawiri, ena a anthu onse ndi ena a mwini wake, ndipo m'gulu loyambalo munali malo a boma enieni, monga nkhalango zotetezedwa, komanso malo a m'midzi amene sanagawidwe kwa banja lililonse, monga madambo ndi tchire lodyetsako ziweto. Tchire limene amuna aja anaimamo ndi la mtundu wa malo a m'midziwa. Lili ndi oliyang'anira, lili ndi olidalira tsiku ndi tsiku, ndipo tinjira take timadutsa amayi opita kumadzi ndi ana oweta mbuzi.

Za mapepala nazonso zimafunika kuzimvetsa bwino. Chilolezo chosunga mfuti chimachokera kupolisi, ndipo chimangonena kuti munthuyo akhoza kukhala ndi chida chimenecho. Chilolezo chopha mbalame kapena nyama ndi china, chimene chimaperekedwa motsatira lamulo la nyama zakutchire la chaka cha 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2017 n'kukhwimitsa zilango mpaka kufika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama monga njovu ndi chipembere. Lamulo lomweli limanena kuti nyama zakutchire zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi onse. Koma pa mapepala awiriwa palibe limene lili kiyi wa munda wa munthu, ndipo palibe limene lingauze mwini mfuti kuti kuseri kwa chitsamba chimene walozetsako kuli mwana.

Ndinayesa kuganizira chimene chimawabweretsa anthu amenewa m'malire mwa minda m'malo mopita m'katikati mwa tchire, ndipo ndinapeza kuti chifukwa chake n'chosavuta. M'kati mwa malo otetezedwa a Michiru kusaka n'koletsedwa, monganso kulili ku Majete ndi ku Lengwe m'chigwa cha Shire, choncho munthu wolemekeza lamulo amene ali ndi mfuti salowamo. Chotsala ndi kamzere ka tchire kamene kali pakati pa nkhalango ndi midzi. Komanso njiwa, nkhwali ndi nkhanga sizikhala pamene palibe chakudya, zimatsata njere zotsalira m'mapesi, mapira amene akucha, ndi madzi a kumadimba. Mlenje amatsata mbalame, mbalame imatsata munda, ndipo mlimi amakhala ali momwemo. Munthu wa m'tauni akaona nkhokwe zadzaza m'mwezi wa Meyi amaganiza kuti minda yatha ntchito, osadziwa kuti kuno ku Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo timabzala nandolo m'mizere ya chimanga, ndipo amakhalabe m'munda mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Kachipolopolo ka mfuti ya mpweya kakaphonya njiwa sikathera pamtengo pomwepo, kamatha kuuluka mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira kasanagwe.

Sindikufuna kuwasandutsa zigawenga amuna aja, chifukwa sanali zigawenga. Wachikulire uja anandifotokozera kuti anaphunzira kuwombera kwa malemu bambo ake, kuti njiwa zimene amapha amakadya ndi banja lake, ndiponso kuti alimi ena amachita kumuitana mapira akayamba kucha chifukwa ana amatopa kuingitsa mbalame. Zonsezi ndikuzikhulupirira. Munthu amene wakhala mu ofesi sabata yonse ali ndi ufulu wolakalaka mphepo ya kuphiri, ndipo ine sindikuona cholakwika pa chilakolako chimenecho. Koma zinthu ziwiri zimene zili pa sikelo pano sizilemera mofanana. Iye akalephera kupita kuthengo wataya chisangalalo cha tsiku limodzi, pamene azakhali akaopa kulowa m'munda ataya ndiwo za madzulo, ndipo nandolo wouma akathetheka yekha m'munda ataya ndalama zimene akanagulira feteleza wa dzinja likudzalo.

Palinso chilonda chakale chimene chimatukusira mfuti ya mlendo ikalira pafupi ndi mudzi. Kuyambira m'chaka cha 1897, pamene atsamunda anapatula dambo la Elephant Marsh m'chigwa cha Shire ndi dera la nyanja ya Chilwa kukhala malo osungirako nyama, ndiponso ndi lamulo lawo la nyama la 1926, kusaka kunasanduka nkhani ya mapepala ndi ndalama. Amene akanatha kugula chilolezo ankatchedwa wamasewera, pamene mwini mudzi wopita ku uzimba ndi agalu, uta ndi maukonde ankaoneka wolakwa pa nthaka ya makolo ake. Achinyamata a kumudzi kwa azakhali sadziwa zaka zimenezi, koma amaona ndi maso awo kuti iwo akapezeka ndi msampha m'nkhalango amagwidwa, pamene wobwera pa galimoto amabwerera kwawo ndi thumba la njiwa.

Komabe ndikanama nditanena kuti mlimi ndi woyera pa nkhani ya malo a anthu onse. Mizere yakumtunda ya munda wa azakhali inali tchire lodyetsako mbuzi pamene ine ndinali mwana, ndipo malemu amuna awo ankaonjezera mizere iwiri kapena itatu chaka chilichonse popanda wowafunsa. Mabanja ambiri anachita chimodzimodzi, osati chifukwa cha dyera koma chifukwa ana akakula amafuna pogwira khasu, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre mokha, osawerengera a m'midzi yozungulira. Zotsatira zake tonse tikuziona. Phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, Michiru amene tinkanyadira naye wakhala akutha mitengo m'zaka zaposachedwa, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Wachinyamata wa mfuti uja akanakhala wodziwa mbiri ya malowo akanatha kuwafunsa azakhali kuti nawonso anaodira kwa yani polima pamenepo, ndipo funsolo likanakhala lolemera.

Si alendo okha amene amavutitsa alimi posaka. Chaka chilichonse m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala anyamata a m'mudzi momwemo amatentha tchire pofuna mbewa ndi akalulu, moto n'kulowa m'minda, n'kupsereza mapesi amene alangizi a zaulimi anatiphunzitsa kuyala pansi kuti nthaka izisunga chinyezi. Azakhali anataya mapesi awo motero kawiri konse, ndipo kuonongako kunali kwakukulu kuposa kwa beseni lotifuka. Koma pamene ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani mfuti inawapweteka mtima kuposa moto, anandiyankha mawu amene ndakhala ndikuwalingalira kuyambira tsiku limenelo. Anati, "Mwana wanga, wotentha tchire ndimamudziwa. Ndimadziwa amake, ndimadziwa amalume ake, ndipo ndikakadandaula kwa amfumu amabwera pabwalo n'kulipira nkhuku. Nanga wa galimotoyu ndikamuitanira kuti?"

Apa ndiye pagona nkhani yonse monga ndikuionera ine. Tchire la m'mudzi lakhala likugwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri nthawi imodzi kwa zaka zosawerengeka, ndipo chimene chimaligwirizira si mpanda kapena chikwangwani, koma kudziwana. Womweta udzu amadziwa nthawi imene woweta mbuzi amadutsa, wotchera ulimbo amadziwa mtengo umene uli pafupi ndi manda, ndipo wolakwa amapezeka chifukwa ali ndi khomo. Mlendo wa mfuti amalowa m'dongosolo limeneli atanyamula chida choopsa kuposa za onse, koma iye yekha ndiye wopanda dzina, wopanda khomo ndi wopanda womuimira. Chimene ndikupempha kwa anzathu okonda kuwombera sikuti asiye, koma kuti adzipange kukhala anthu odziwika kumene akupitako. Kunyanja ya Chilwa alenje a mbalame anakhazikitsa magulu awo, amene amagwirizana za malo osaphako ndi miyezi yoleka kusaka kuti mbalame ziswane, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu osauka amene amasakira pamimba. Ngati iwowo anatha kukhala pansi n'kumvana, anthu okhala ndi magalimoto ndi mafoni sangalephere. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse.

Tsiku lija ndisanasiyane nawo ndinapempha nambala ya foni ya wachikulire uja, ndipo anandipatsa mosanyinyirika. Patapita masabata atatu anabweradi yekha, wopanda mfuti, n'kukhala pa mphasa pabwalo la amfumu pamodzi ndi azakhali ndi akuluakulu ena a m'mudzi. Anapereka ndalama ya beseni latsopano, koma amfumu anati beseni si nkhani. Chimene anagwirizana n'chakuti aliyense wofuna kuwombera mbalame m'tchire la mudziwo azidzayamba waonekera kwa amfumu n'kuonetsa mapepala ake onse awiri, azidikira mpaka nandolo atachoka m'minda, aziyenda ndi mnyamata wa m'mudzimo wodziwa tinjira ta kumadzi ndi kobusa, ndipo asamalozetse mfuti mbali ya minda ndi nyumba. Pabwalo lomwelo amfumu anatembenukira kwa azakhali n'kunena kuti, "Nanunso mayi, mizere yakumtunda ija muisiye imere udzu, chifukwa madzi a m'phiri akumadzera momwemo n'kukumba chigwembe cholowera m'minda ya anzanu." Azakhali sanakondwe, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba sanalankhule nane, koma chaka chino mizere inayi yakumtundayo sanaigaule.

Achinyamata awiri aja sanabwere pabwalo, ndipo magalimoto ena osadziwika akumaimabe pansi pa mtengo wa mango uja masiku ena a Lamulungu. Azakhali anadula nsungwi yaitali n'kumangirira kansalu kofiira kunsonga kwake, ndipo akamalowa mu nandolo amaizika pakati pa munda kuti ionekere kutali. Mdzukulu wawo amapita nawo kumunda masiku ena onse, koma Lamulungu amamusiya kunyumba.