Zikomo kwa inu amene munandilola kukhala chete

Lero m'mawa ndalemba kamzere komaliza m'kope langa lachitatu. Kope lililonse ndi chaka chimodzi, ndipo kamzere kalikonse ndi tsiku limene ndinakhala pampando, n'kutseka maso, n'kukhala chete pamaso pa Mulungu kwa mphindi 20 m'mawa ndi zina 20 madzulo. Zaka zitatu zakwana. Masiku amene ndinajomba ndinawawerenga dzulo usiku, alipo 94, ndipo ndikuwatchula dala kuti wina asandiyese mngelo. Pali anthu amene anandinyamula m'zaka zimenezi, ena osadziwa n'komwe kuti akundinyamula, ndipo sindinawathokozepo pagulu. Lero ndilo tsiku lake.

Amene munandidziwa kale mukukumbukira momwe ndinalili amayi anga atamwalira. Ndinawadwazika miyezi 14. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza usiku, kuwerenga mapiritsi awo, kutchera khutu ku kupuma kwawo. Atapita, misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo. Tulo tinathawa. Ndinkadzidzimuka 2 koloko usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga, n'kuyamba kuzenga milandu m'mutu: uyu sanabwere kudzazonda, uyu analankhula mwakuti, Mulungu nayenso anangoyang'ana. Ndikalowa m'nyumba ana ankati zii, aliyense kulowera kwake. Kupemphera sindinasiye, koma mawu anga anali mankhusu okhaokha. Ndinkachulukitsa mawu kuposa kale chifukwa ndinkaopa zimene ndingamve pakamwa pakatsekeka.

Oyamba kuwathokoza ndinu Mayi amene munandiphunzitsa kukhala chete, inu amene dzina lanu sindilemba chifukwa mungandidzudzule. Munandimvetsera ola lathunthu ndikudandaula, kenako munangofunsa kuti, "Mwana wanga, ukamapemphera umamusiyirako Mulungu mpata woti nayenso alankhule?" Funso limenelo linandipweteka, ndipo ndinapita osakutsanzikani bwino. Patatha sabata ndinabwerera.

Zimene munandiphunzitsa ndinaziona ngati zachibwana. Khala pampando msana uli wowongoka, mapazi pansi, manja pamiyendo. Tseka maso. Nena mumtima liwu limodzi, pang'onopang'ono, mpaka nthawi itakwana. Liwu limene munandipatsa ndi lakuti Maranatha, la Chiaramu, lopezeka kumapeto kwa kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto, lotanthauza kuti "Ambuye, bwerani". Munati ndizilitchula m'zigawo zinayi zofanana: ma, ra, na, tha. Munandifotokozera kuti mmonke wa Chibenedikito, John Main, anayamba kuphunzitsa anthu wamba njira imeneyi ku London mu 1975, atapeza m'zolemba za John Cassian kuti amonke akale a m'chipululu ankapemphera pobwerezabwereza mawu ochepa chabe. Ine mumtima ndinati, amonke alibe ana olira ndi zovala zoti achape. Koma ndinayamba, poti zina zonse zinali zitakanika.

Ndinkayesa kuti ndikangotseka maso ndipeza bata. Ndinapeza msika. Ngongole, mkangano wa zaka zisanu zapitazo ndi yankho lomwe ndikanayenera kupereka, nkhope ya amayi tsiku lomaliza, kanyimbo kena komwe sindikakonda n'komwe, mwendo kuyabwa. Ndinkatsegula diso limodzi kusuzumira wotchi poganiza kuti mphindi 20 zatha kalekale, n'kupeza kuti zadutsa 4 zokha. Nditakudandaulirani munaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundiuza za Evagrius, mmonke amene anakhala m'chipululu cha ku Egypt n'kumwalira mu 399. Iye analemba mitundu 8 ya maganizo amene amasautsa munthu wofuna kupemphera, ndipo mndandanda wake ndi womwe Papa Gregory Wamkulu anaukonzanso pambuyo pake n'kukhala machimo akuluakulu 7. Limodzi mwa maganizowo, lotchedwa acedia, limafika dzuwa likamayandikira paliwombo: mmonke amaona ngati dzuwa laima, amangosuzumira pawindo, amanyansidwa ndi malo amene ali, amati kwina kukanakhala bwino. Munthu wa zaka zoposa 1,600 zapitazo, wopanda foni, wopanda banja, ali yekha mumchenga, nayenso ankasuzumira kuti nthawi yakwana liti! Tsiku limenelo ndinaseka koyamba chimwalirireni amayi.

Ndipo munanena mawu amene ndinawalemba pachikuto cha kope loyamba: "Maganizo akakutenga usalimbane nawo, usadzitukwane. Ingobwerera ku liwu lako. Kubwererako ndilo pemphero lake." Kuona maso a nkhono n'kudekha, munatero. Pa mphindi 20 ndimabwerera mwina kakhumi, mwina kosawerengeka, mpaka lero.

Ndikuthokozanso adokotala ndi aphungu amene anandithandiza chaka choyamba chija, ndipo apa ndilankhule mosabisa mawu chifukwa ndikudziwa kuti wina amene akuwerenga sakugona ngati momwe ine ndinalili. Kukhala chete sikunalowe m'malo mwa chipatala. Ndinapezeka ndi matenda a maganizo, ndinamwa mankhwala kwa miyezi ingapo, ndinkapita kukalankhula ndi aphungu. Ndinkachita manyazi kuwauza adokotala za mpando wanga uja, koma nditawauza anati ndipitirize. Anandifotokozera kuti kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndiponso kuti ku yunivesite ya Massachusetts, Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 maphunziro a masabata 8 ophunzitsa odwala kukhala tcheru ndi kupuma kwawo pofuna kupirira ululu ndi nkhawa. Anandichenjezanso kuti zikumbutso zowawa zikandisefukira ndili chete, nditsegule maso, ndiime, ndidzawauze. Zinachitika kawiri. Ndinamvera.

Anthu amandifunsa kuti kodi ndimaona masomphenya kapena ndimamva mawu. Ayi ndithu. Masiku ambiri ndimadzuka pampando momwe ndinakhalira. Kusintha kwake anayamba kukuona ndi ena, ine ndisanakuone. M'mwezi wa 7 chiyambireni kukhala chete, mwana wanga wamkazi anagwetsa kapu ya malemu amayi, ija yomwe palibe ankaloledwa kuikhudza. Inasweka phwa! Ndinamva moto uja ukukwera kuchokera m'mimba, ndinaudziwa, ndinautchula dzina mumtima, ndipo pakati pa motowo ndi lilime langa panapezeka kampata kakang'ono kwambiri, kongokwanira kupuma kamodzi. M'kampata kameneko ndinaona mwana ataima njenjenje, atatseka kale maso kudikira kukalipa kwanga. Ndinagwada n'kuyamba kutola zidutswa, iye n'kugwada pambali panga. Misozi yomwe inakana kubwera kwa chaka ndi miyezi inabwera pamenepo, tonse awiri, pansi. Zaka zitatu za kukhala chete zandipatsa kampata kameneko. Kakula pang'ono, ndipo masiku ena kamatsekeka, koma n'komwe kanabweza ana anga pabalaza.

Chaka chachiwiri ndinawonjezera chizolowezi china usiku ndisanagone, chochokera kwa Ignatius wa ku Loyola. Iyeyu anali msilikali, ndipo chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo pankhondo ya ku Pamplona mu 1521. Ali gone kudikira kuchira, anazindikira kuti maganizo ena ankamukoma pa nthawiyo koma akatha ankamusiya wouma, pomwe ena ankamusiyira chimwemwe chokhalitsa. Anadzaphunzitsa anthu kupenda tsiku lawo pamaso pa Mulungu: kuthokoza, kupempha kuunikiridwa, kuyendanso m'tsikulo kuyambira m'mawa, kupepesa pamene wapunthwa, ndi kuyang'ana za mawa. Sizitenga nthawi yaitali. Koma ukachita zimenezi usiku ndi usiku, zinthu zina zimangobwerabwera mpaka sungathenso kuzizemba. Kwa ine chimene chinkabwera ndi achimwene anga.

Achimwene, ndikudziwa kuti muwerenga izi, ndipo ndapempha chilolezo chanu ndisanalembe. Ndinakusungirani mlandu miyezi yambiri chifukwa amayi akudwala munkangobwera kamodzikamodzi, n'kuima pakhomo, osalowa m'chipinda. M'mutu mwanga ndinakuzengani, ndinakupezani olakwa, ndinakulangani usiku uliwonse, ndipo kuzenga kumeneko kunkandikoma. Kupenda kwa usiku kuja n'komwe kunandionetsa kuti kukatha ndinkatsala wouma ngati chikuni. Panapita masabata ndisanalimbe mtima kukuimbirani foni. Nditaimba munakhala chete nthawi yaitali, ndipo ine, amene kale ndikanadzaza mpata umenewo ndi mawu, ndinadikira. Ndiye munati munkalephera kulowa chifukwa simunkatha kupirira kuwaona amayi atawonda choncho, ndipo munkalira m'njira pobwerera. Ine sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti kuima pakhomo kuja kunali kulira kwanu. Zikomo pondikhululukira musanamve n'komwe mlandu wonse umene ndinakupangirani.

Bambo a ana anga, inu munasenza zambiri. Munalandira mawu olasa omwe sanali anu. Nditayamba kudzuka 5 koloko m'mawa simunafunse zambiri, munangosuntha mpando uja n'kuuika pakona pomwe sipadutsa munthu, ndipo madzulo munkagwira ana kuti asagogode chitseko. Tsiku lina ndinakumvani mukunong'oneza wamng'ono kuti, "Asiye amako, akulankhula ndi Mulungu." Iye anayankha kuti, "Koma sakulankhula." Inu munati, "Ndiye kuti akumvetsera." Ndinalephera kubwerera ku liwu langa tsiku limenelo chifukwa cha kuseka.

Anzanga asanu amene timakumana Lachinayi lililonse, zikomo. Timafika, timapatsana moni, timakhala chete mphindi 20, timawerenga kandime kakafupi ka m'Malemba, timabalalika. Wina angati n'kutaya nthawi kuyenda ulendo kuti ukakhale chete ndi anthu. Koma masiku 94 aja akanakhala mazana pakanapanda inu, makamaka nthawi ija m'chaka chachiwiri pomwe ndinajomba masabata atatu otsatizana ndipo mmodzi wa inu anangonditumizira uthenga wakuti, "Mpando wanu ulipo."

Ngakhale inu amene munada nkhawa kuti ndalowa chipembedzo chachilendo, kapena kuti ndikutsegulira khomo mizimu yoipa pokhala duu, ndikuthokozani. Munalankhula chifukwa chondikonda, ndipo mafunso anu anandikakamiza kufufuza. Ndinapeza kuti Yesu mwini ankadzuka kusanache kupita kwayekha kukapemphera, monga akunenera Marko 1:35, ndipo pa Mateyu 6:6 ndi 7 anati tizilowa m'chipinda n'kutseka chitseko, osachulukitsa mawu. Eliya paphiri la Horebu sanapeze Mulungu mumphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto. Sitinagwirizane pa zonse, ndipo ena mpaka pano mumandiyang'ana cham'mbali, koma tikupempherabe limodzi.

Sindinasanduke woyera. Sabata yathayi ndinakalipira munthu pafoni pa nkhani yaing'ono ndipo ndinachita kuimbanso kuti ndipepese. Funso langa lakuti chifukwa chiyani amayi anavutika motero silinayankhidwe. Chimene chasintha n'chakuti ndimatha kukhala nalo funsolo pamaso pa Mulungu osamukoka malaya, ndipo masiku ena ndimadzuka pampando ndikudziwa kuti sindinali ndekha m'chipindamo, ngakhale sindingathe kukufotokozerani kuti ndadziwa bwanji.

Otsiriza ndinu amayi anga. Ndili mwana ndinkakupezani m'mamawa mutakhala panokha, maso ali tsinzi, manja pamiyendo, osayankhula ndi munthu. Ndinkati mukusinza, ndipo ndinkakugwedezani phewa kuti mudzuke. Munkangogwira dzanja langa n'kulisunga m'manja mwanu osatsegula maso. Sindinakufunseni kuti munkachita chiyani. Kope lachinayi ndagula kale, ndipo patsamba loyamba ndalembapo dzina lanu.