Nyundo, tochi ndi mapepala: kugula landilova yakale ku Johannesburg

Ndikamapita kukaona galimoto yakale imene munthu akugulitsa, m'thumba la ovololo yanga mumakhala nyundo yaing'ono, tochi ndi kamaginito kamene ndinakachotsa m'sipika yakufa. Wogulitsa amafuna kuti ndiyambe kusirira penti, mipando ndi matayala, koma ine ndimapempha katoni yoyala pansi, ndipo injini isanalire n'komwe ndimakhala nditalowa kale kunsi kwa galimotoyo. Khalidwe limeneli sindinabadwe nalo ayi. Ndinachita kuligula ndi ndalama zimene ndinasunga kwa zaka ziwiri.

Ndakhala ku Joni kuno zaka zoposa khumi, ndikugwira ntchito yowongola ndi kuwotcherera magalimoto pagalaja ina kufupi ndi Rosettenville, kumene Amalawi ambiri timachita lendi. Koma mtima wanga pa Land Rover unayambira kumudzi ku Ntcheu. Tili ana, galimoto imene inkafika kwathu m'dzinja, msewu utasanduka phala, inali landilova basi: ya chipatala, ya alangizi a zaulimi, ya abambo a kumishoni, ndiponso ya apolisi, imene ikangotulukira akuluakulu ankatsitsa mawu. Choncho nditaona ina ikugulitsidwa papuloti ina cha ku East Rand, yaitali ija ya Series III, yopakidwa penti yobiriwira yosawala, mwini wake n'kunena kuti inali ya asilikali, nzeru zonse zaumakaniko ndinazisiya pageti. Injini inalira bwino, magiya analowa, thupi lake linalibe dzimbiri ngakhale pang'ono, ndipo ndinapereka ndalama tsiku lomwelo.

Patapita mlungu umodzi ndinaikweza pajeke kuti ndisinthe oyilo wa m'difu. Ndinagogoda chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwa chesisi ndi chogwirira cha sipanala, mongocheza, ndipo m'malo molira ngwee ngati chitsulo chinalira ngati chikwa chouma. Nditakanikiza sikuludiraiva inalowa yonse. Wina anali atamata mabowo ndi phala lomatira magalimoto, n'kupakapo phula lakuda pamwamba kuti pasaoneke. Choipa koposa chinali patsogolo, pamene pamamangidwa sipiring'i ya kudzanja lamanja, pomwe nambala ya chesisi imadindidwa: nambala imene ndinaipeza nditapala dothi inali yosiyana ndi ya pamapepala. Galimotoyo sinalembedwe m'dzina langa mpaka kalekale, ndipo mapeto ake ndinaiphwasula n'kugulitsa zitsulo chimodzichimodzi.

Chimene chinandipusitsa ndi chinthu chimene chili m'chibadwa cha galimotoyi. Pamene kampani ya Rover inkaionetsa koyamba ku Amsterdam mu 1948, chitsulo ku Britain chinali chosowa chifukwa cha nkhondo imene inali itangotha kumene, ndipo boma linkachigawa mopimira. Aluminiyamu ndiye ankapezeka, motero Maurice Wilks ndi anzake ku Solihull anapanga thupi la galimotoyo ndi aluminiyamu, koma chesisi ndi chipupa chimene chili pakati pa injini ndi woyendetsa anazipanga ndi chitsulo wamba. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, ndiye landilova ya zaka makumi asanu imatha kuoneka ngati yamoyo kunja pamene mafupa ake anadyeka kale. Chesisi yake ndi yamabokosi otsekeka, matope amalowamo osatulukanso, ndipo dzimbiri limayambira m'kati kumabwera kunja. Palinso china: pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, madzi n'kulowapo, aluminiyamuyo amasanduka ufa woyera, ndipo mudzaona zimenezi m'munsi mwa zitseko, pamene chikopa cha aluminiyamu chinapindidwira pafelemu yachitsulo.

N'chifukwa chake nyundo imagwira ntchito imene maso sangagwire. Ndimagogoda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka timikono timene timatuluka m'mbali mwa chesisi kunyamula thupi, pomangira masipiring'i, ndi chopingasa cha kumbuyo chija. Kenako ndimachotsa mphasa zopondapo n'kuunika pansi pa mapedulo ndi m'mizati ya zitseko. Maginito ndi a pachipupa chachitsulo chija: pamene akukana kumata ndiye kuti pali phala. Pathupi lenilenilo musavutike nawo, sangamate ngakhale galimotoyo ili yabwinobwino, ndipo ndinaonapo mnyamata wina akuthawa landilova yabwino chifukwa chosadziwa zimenezi. Mwayi wathu kuno ndi wakuti Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kutali ndi mchere wa m'nyanja, ndipo nyengo yozizira imakhala youma. Galimoto imene yakhala moyo wake wonse kuno kapena m'mafamu a ku Free State imakhala ndi chesisi yabwino kusiyana ndi imene yachokera ku Durban, choncho funso lakuti galimotoyi inkakhala kuti ndi lofunika kuposa lakuti yayenda makilomita angati.

Nkhani ya usilikali ija ndi imene imakweza mtengo, ndipo ndi imenenso anthu amanamizirapo kwambiri. Ndikadayamba ndapita ku Ditsong National Museum of Military History ku Saxonwold, pafupi ndi zuu, malo amene anatsegulidwa mu 1947, ndikadadziwa msanga kuti magalimoto ambiri a asilikali a dziko lino a m'zaka za m'ma 1980 ankapakidwa penti yabulawuni, osati yobiriwira imene inandikopa ija. Dziko lino linalinso ndi landilova yakeyake, Series IIIS, imene inkalumikizidwa ku Blackheath kufupi ndi Cape Town, ina ndi injini yapetulo ya masilinda sikisi yotchedwa R6, ina ndi injini yadizilo ya ADE yopangidwa ku Atlantis. Zimenezi zinachitika chifukwa boma la nthawi imeneyo linkaumiriza kuti zitsulo zambiri zizipangidwa konkuno. Kwa wogula, tanthauzo lake ndi lakuti si chitsulo chilichonse choitanitsa ku England chimene chingakwane pagalimoto yotereyi, ndipo munthu ayenera kudziwiratu injini imene ili m'boneti asanayambe kuwerengera ndalama zokonzera.

Pa Jeep ndiye chinyengo chake n'chosavuta kuchigwira ngati wadziwa poyang'ana. Ya nkhondo yeniyeni ndi Willys MB ndi inzake Ford GPW, zimene zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 600,000 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe mu 1945. Chaka chomwecho kunatuluka CJ-2A ya anthu wamba, ndipo imeneyi ndi imene ena amaipaka penti yobiriwira ndi nyenyezi yoyera n'kumati inamenya nkhondo. Werengani mipata ya kumaso kwake: ya asilikali ya chitsulo chodinda ili ndi mipata 9, ya anthu wamba 7. Ya anthu wamba ili ndi nyali zikuluzikulu, chitseko cha kumbuyo, ndipo tayala lapadera lili m'mbali, pamene ya asilikali ilibe chitseko kumbuyo ndipo tayala limakhala komweko. Ford ankadinda chilembo cha F pazitsulo zake zambiri, ngakhale pamitu ya mabawuti, ndipo osonkhanitsa magalimoto amagwada ndi tochi kufunafuna kachilembo kameneka monga mayi afunira nsabwe m'mutu mwa mwana. CJ-2A si galimoto yoipa ayi, koma iyenera kugulidwa pamtengo wa CJ-2A.

Zikuluzikulu za asilikali zija, monga Samil 20 kapena Buffel imene inamangidwa pachesisi ya thiraki ya Unimog, ndimangoziyang'ana. Zimafuna laisensi ya magalimoto olemera, bwalo loimikapo limene wa lendi ngati ine alibe, ndi thumba lakuya la dizilo. Komanso ndinaona nkhope ya mnzanga wa kuntchito, wobadwira ku Soweto, tsiku limene tinaima pafupi ndi Casspir, chigalimoto chankhondo chimene apolisi ankalowa nacho m'makomboni, pachionetsero china. Kwa ine chinali chitsulo chopangidwa mwaluso, koma iye anakumbuka zina, ndipo kuyambira pamenepo ndimasamala pakamwa ndikamatamanda magalimoto a asilikali a nthawi ya tsankho pamaso pa eni dziko.

Mapepala ndi amene amagwetsa Amalawi ambiri, chifukwa tinazolowera kugulana pachibale n'kumati zinazo tidzakonza m'tsogolo. Kuno wogula ayenera kulembetsa galimoto m'dzina lake pasanathe masiku 21, ndipo pamafunika chiphaso chosonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Nambala ya chesisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi za pamapepala, ndipo ngati injini inasinthidwa, chomwe n'chofala kwambiri pamagalimoto a zaka zimenezi popeza ambiri anaikamo ya Ford V6 kapena ya Chevrolet, pafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba. Yang'anani kodi imene yalembedwa pachikalata chaumwini. Code 2 ndi galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, Code 3 ndi yomangidwanso ndipo mtengo wake umatsika mpaka kalekale, pamene Code 4 ndi imene inalembedwa kuti yaphwasulidwa ndipo siyenera kubwereranso pamsewu. Wogulitsa akanena kuti mapepala anasowa koma savuta kupeza, muuzeni mwaulemu kuti akawapeze yekha, inu mudzabwera ndi ndalama akawapeza. Zoitanitsa kunja nazo zili ndi malire ake, chifukwa South Africa salola magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito kulowa wamba popanda chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za malonda a kunja, ngakhale kuti a zaka 40 kupita m'tsogolo ali m'gulu limene limaganiziridwa.

Lamulungu lililonse tikakumana pabwalo la kuseri kwa nyumba, achimwene ena a ku Mangochi, amene amayendetsa thiraki, salephera kundiseka. Amati: "Achimwene, inu mukanagula Toyota bwenzi pano mukuyenda, osati kugona kunsi kwa galimoto ngati buluzi." Sindiwatsutsa kwenikweni. Land Cruiser ya mtundu wa 40, imene inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984, ili ndi injini yaikulu ya masilinda sikisi, F ya malita 3.9 kenako 2F ya malita 4.2, ndipo mashafuti ake sathyoka chisawawa monga amachitira a kumbuyo a landilova munthu akaulutsa kilatchi m'matope. Kulimba kumeneku ndi kumene kunachotsa landilova m'maboma ndi m'mabungwe ambiri a mu Africa muno, kwathu komwe. Koma thupi la Toyota ndi lachitsulo, limadyeka m'ngalande za denga ndi pansi, ndipo mitengo ya FJ40 ndi FJ45 yabwino inakwera kufika poti munthu wa malipiro a pagalaja amangoyang'ana zithunzi. Landilova ndimaikonda chifukwa pafupifupi chilichonse ndi chomanga ndi bawuti, ndipo munthu mmodzi wokhala ndi masipanala, jeke ndi chipiriro angathe kuichotsa thupi lonse pabwalo la lendi.

Imene ndili nayo tsopano ndi Series IIA yaitali, ya nyali zapakati zija, zisanasamukire m'mapiko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndinaipeza m'shedi ya mkulu wina wokalamba cha ku Vereeniging, nkhuku zitaikira mazira pampando, penti itatha, koma chesisi ikulira ngwee paliponse ndipo nambala zonse zikugwirizana ndi mapepala. Tsiku loyamba masipanala anga onse anakana: 13 inali yaing'ono, 14 inkaterereka, ndipo a mainchi nawo sankagwira bwino pamabawuti a giyabokosi. Apo ndi pamene ndinadziwa za Whitworth, muyeso wakale wa ku Britain, ndipo ndinayenda m'misika ya zinthu zakale milungu itatu ndisanapeze masipanala anayi a mtundu umenewu. Ndinayambira mabuleki, chifukwa ndi a madiramu mawilo onse anayi ndipo mapaipi ake anali atafumbwa, kenako chiwongolero, kenako mipira yachitsulo ya kutsogolo imene mawilo amakhotera, yomwe ikachita zipsera imadya chisindikizo n'kumataya oyilo. Injini yake ndi ya malita 2.25 yapetulo, yofatsa koma yosafa msanga. Inapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene kuno analetsedwa mu 2006, motero ndinapereka mutu wake kwa amisiri kuti aikemo mipando yolimba ya mavavu. Penti ndiye sindinaiganizire n'komwe, ndipo mwina ndidzangoisiya ndi zipsera zake.

Tsiku limene ndinaiyesa koyamba pamtunda wa miyala, ndinakankhira pansi kandodo ka mutu wachikasu kuti mawilo onse anayi agwire, kenako ndinaima n'kukokera kumbuyo ka mutu wofiira kuti ilowe magiya amphamvu, ndipo inakwera pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokoka ngolo, mpweya wochepa wa kuno ukuilanda mphamvu zina koma osaigonjetsa. Cholinga changa ndi kupita nayo kumudzi ikatha: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, ulendo wa makilomita oposa 1,700 pagalimoto imene ikafika 80 pa ola anthu m'kati amasiya kumvana. Pafunika chikalata cha apolisi chotulutsira galimoto m'dziko, ndiponso ndalama za msonkho wa MRA, zimene ndayamba kusunga m'kabuku kapadera. Achimwene a ku Mangochi aja alonjeza kuti adzanditsatira pambuyo ndi chingwe chokokera. Pakali pano galimotoyo yakhala pazitsa zinayi, masipiring'i a kumbuyo ndawamasula tsamba lililonse palokha, ndipo Loweruka likubwerali ndikhala ndikuwapala dzimbiri ndi kuwapaka girisi.