Mmene tinayezera dzimbiri mu silabu ya kanyumba kosanja ku Limbe

Mng'alu ukamayenda mowongoka motsatira chitsulo, kenako n'kumatuluka timadontho tofiirira, musavutike kuitana womata pulasitala, vuto lili mkati. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe ladyacho, kawiri kapena kuposa apo, nde limakankha konkire mpaka kugumuka. Ndi zomwe tinakapeza pa khonde la kanyumba kena kakale ku Limbe, abwana eni ake amafuna kudziwa ngati agwetse kapena akonze.

Tinayamba ndi hamala basi, kugogoda pansi pa silabu, pomwe pakulira ngati ng'oma n'kulembapo ndi choko. Kenako cover meter, kamakina kopeza pomwe chitsulo chadutsa komanso kuti chakwiririka bwanji. Malo ena chinali pafupi kuonekera, zoonekeratu kuti pothira konkire anthu ankangoponda zitsulo opanda ma spacer, timapilo tonyamula zitsulo kuti konkire azikwirire bwino.

Chotsatira ndi phenolphthalein, mankhwala amadzi osintha mtundu, ndipo pa zonse ndimakonda chimenechi coz n'chotchipa. Umagumula kachidutswa n'kupopera pomwe wagumulapo nthawi yomweyo. Konkire wabwino pH yake (muyezo wa asidi, ikakwera nde kuti asidi ndi wochepa) imakhala cha m'ma 12 mpaka 13, zomwe zimateteza chitsulo ku dzimbiri, ndipo amasanduka pinki, koma carbon dioxide wa mumpweya akalowa pang'onopang'ono kwa zaka pH imatsika kufika cha m'ma 9, mtundu sutulukanso. Mbali yopanda mtunduyo ikafika pa chitsulo nde kuti chitetezo chatha. Kuno ku Blantyre tilibe mchere wa m'nyanja ngati ku Beira, chotipweteka ndi carbon dioxide ameneyu kuphatikiza madzi ongodikha pa silabu, makamaka chiperoni chikakhazikika konkire osauma.

Sensa yeniyeni yoyezera dzimbiri inali half-cell, yomwe imawerenga mphamvu ya magetsi pa chitsulo chili mkati mwa konkire. Tinafukula chitsulo chimodzi, kuchipala mpaka kuwala, kumangapo waya wopita ku voltmeter, waya winayo ku kachubu ka copper ndi copper sulphate kokhala ndi siponji yonyowa kunsonga. Konkire umayamba wamunyowetsa kaye, akakhala gwaa manambala amangovinavina. Nde umajambula mabokosi ndi choko n'kumagusa mphambano iliyonse, mnzako akulemba. Malinga ndi ASTM C876, ndondomeko ya kayezedwe kameneka, ukapeza -350 mV (ma millivolt) kapena kutsika kuposa apo mwayi woti chitsulo chikuchita dzimbiri umaposa 90%, pamwamba pa -200 mV nde kuli bwino, zapakatizo sizinena zoona zenizeni. Kufupi ndi paipi yotsitsa madzi a mvula manambala anali oipa zedi, pakati pa silabu bho.

Koma half-cell simakuuza liwiro, imangoti pano pali nkhani. N'chifukwa tinawonjezera Wenner probe, ya timano tinayi yoyeza resistivity, kutanthauza mmene konkire akukanira magetsi kudutsa, ikatsika pansi pa 10 kΩ·cm ndekuti konkire akulola dzimbiri kuthamanga.

Sitinagwetse. Tinagumula mbali yowolayo mpaka kuseri kwa zitsulo, kuzipala, zomwe zinaonda kuwonjezerapo zina, ndipo tisanathire konkire watsopano tinakwirira ka reference electrode ka manganese dioxide, kasensa kogwira ntchito ngati half-cell ija koma kokhaliratu mkati, pafupi ndi chitsulo kuti mtsogolo muno tisamagumulenso. Abwana amafuna data logger, kamakina kosunga manambala n'kumatumiza pa foni, ine ndinawaletsa, ndi kuzimazima kwa magetsiku komanso mtengo wake pa kanyumba kamodzi sizikugwirizana, izo n'za milatho. Mawaya tinawatulutsira m'kabokosi kokhoma m'mwamba pomwe anyamata ofuna kopa sangafike, timawerenga ndi voltmeter mvula ikamayamba cha mu Novembala komanso ikatha.